Mawu akuti "cop" si chidule cha "Constable On Patrol"

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pamayendayenda uthenga wakuti mawu achingerezi akuti "cop", omwe amatchulira wapolisi, ndi chidule cha "Constable On Patrol". Ena amati anachokera ku mabatani a mkuwa a pa yunifomu za apolisi akale. Zonsezi n'zabodza.

Angerezi anali ndi mneni wakuti "to cop", kutanthauza kugwira kapena kumbwandira, ndipo amapezeka m'zolembedwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Munthu wogwira anzake olakwa ankatchedwa "copper", dzina lomwe linayamba kuoneka cha m'ma 1840, kenako linafupikitsidwa n'kukhala "cop". Akatswiri ambiri a zinenero amati mneniyu anachokera ku mawu achilatini akuti "capere", kugwira, kudzera m'Chifalansa chakale. Kholo lomwelo ndi lomwe linabereka "capture", "captive" ngakhalenso "catch".

Chimandipweteka n'chakuti ana asukulu amaloweza bodzali ngati mfundo yeniyeni. Chizolowezi chopanga mawu potenga zilembo zoyambirira chinafala m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1900, pamene apolisi anali atatchedwa kale "cop" kwa zaka zambirimbiri.