Pangano la Sèvres silinagwirepo ntchito

Kwa zaka zambiri anthu akhala akubwereza zoti pangano la Sèvres la 1920, la mtendere pakati pa Turkey ndi mayiko omwe anapambana nkhondo yoyamba ya dziko lonse, linapereka kum'mawa kwa Turkey kwa Armenia, ndipo likudikira tsiku loligwiritsa ntchito. Zatopetsa.

Kusaina pangano n'kwina, kulivomereza m'nyumba ya malamulo n'kwinanso. La Sèvres linasainidwa pa 10 Ogasiti 1920, koma mbali ya Turkey sinalivomereze. Mu 1923 linalowedwa m'malo ndi la Lausanne, lomwe silitchula Armenia n'komwe. Malire a lero a Turkey ndi Armenia anachokera m'pangano la Kars la Okutobala 1921, ndipo mbali yaikulu amatsata mitsinje ya Akhurian ndi Araks. N'chifukwa chake phiri la Ararat, ngakhale limaonekera bwino ku Yerevan, likulu la Armenia, lili m'dziko la Turkey. Aameniya ena amatsutsa la Kars, ati linasainidwa dziko lawo lili m'manja mwa boma la Soviet la ku Russia. Mkangano weniweni ndi umenewo.

Ngakhale dziko lina litavomereza kuti Aameniya anapululidwa mu 1915, zimenezo sizisuntha malirewa.

Mukamva zotere, fufuzani tsiku losaina, tsiku lovomereza, ndi pangano lomwe linabwera pambuyo pake. Ngati tsiku lovomereza palibe, musatumizire anzanu.