Sikelo yophonya pang'ono ndi funso la Ulam

Tiyerekeze kuti muli ndi sikelo yoyezera ufa. Mwayeza thumba loyamba palokha, lachiwirinso palokha, kenako mwawasanjika onse pamodzi. Sikelo yabwino iyenera kuonetsa nambala imene mungapeze mutaphatikiza ziwiri zoyamba zija. Pa masamu timalemba kuti f(x+y) = f(x) + f(y), pomwe x ndi y ndi matumba aja, f n'kukhala nambala imene sikelo ikuonetsa, ndipo lamuloli limadziwika ndi dzina la Augustin-Louis Cauchy wa ku France, amene analifufuza mu 1821. Tsono sikelo yanuyo imaphonya lamuloli, koma siphonya kupitirira magalamu 10, katundu achuluke bwanji. Kodi ilipo sikelo yosaphonya konse imene yanuyo siitalikirana nayo? Kapena tizolakwa timeneti timaunjikana mpaka zonse kusokonekera?

Funso lotere analifunsa Stanisław Ulam, katswiri wa masamu wobadwira ku Lwów (mzinda umene lero uli ku Ukraine) mu 1909, pokamba nkhani pa University of Wisconsin mu 1940. Chaka chotsatira Donald Hyers anayankha kuti ilipo, ndipo ndi imodzi yokha.

Njira yake ndi imene imandikoka mtima, chifukwa ndi yoti mwana wa sekondale akhoza kuitsata. Tengani katundu wanu, mumuwirikize kawiri, muyeze, yankholo muligawe pawiri. Sikelo ikaphonya ndi magalamu 10, kugawako kwachepetsa vuto kufika pa 5. Wirikizaninso, mugawe panayi: kusintha kwatsopano sikuposa 2.5. Mukabwerezanso ndi 1.25. Muziphatikiza manambala amenewa mpaka kalekale, 5 ndi 2.5 ndi 1.25 ndi ena otsatira, sadzadutsa 10. Nambala imene mayankho anu akulowerako ndiyo ya sikelo yangwiro ija, ndipo siitalikirana ndi yanu kuposa magalamu 10 omwewo. Katundu akamakula cholakwa chili chomwecho, cholakwacho chimamira.

Koma wogulitsa aliyense akudziwa kuti sikelo zenizeni sizitero: katundu akalemera, kuphonyanso kumakula. Tosio Aoki mu 1950 ndi Themistocles Rassias mu 1978 anasonyeza kuti njirayi imagwirabe ntchito ngati cholakwa chikukula mochedwa kusiyana ndi katunduyo. Nanga chikamakula mofanana ndendende ndi katundu? Apa mpamene pali mbuna. Mu 1991 Zbigniew Gajda anapereka chitsanzo chosonyeza kuti pamenepo sikelo yangwiro yoyandikana nayo ikhoza kusowa.

Funso lomweli limafunsidwa pa mitunda. Isometry ndi kusuntha zinthu kosasintha mtunda wa pakati pa malo awiri alionse, monga kutembenuza mphasa pansi osaitalikitsa kapena kuipinda. Ulam ndi Stanisław Mazur anali atasonyeza kale mu 1932 kuti kusuntha kotere, kukafika ponseponse, kumasunganso mizere yoongoka. Mu 1945 Hyers ndi Ulam anayamba kufufuza za kusuntha kophonya mtunda pang'ono, ndipo mu 1995 Matjaž Omladič ndi Peter Šemrl anapeza malire enieni: kusunthako kukafika ponseponse, isometry yeniyeni imapezeka pa mtunda wosaposa cholakwa chija kuwirikiza kawiri.

Zimavutirapo tikafika pa operator algebra, masamu amene John von Neumann ndi Francis Murray anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1930, ogwirizana ndi sayansi ya tizinthu tating'ono kwambiri ta mu atomu. Kumeneko timachulukitsa zochita, osati manambala, ndipo choyamba ndi chotsiriza sizisinthanitsika. Kukonola chimanga kenako n'kugayitsa si chimodzimodzi ndi kugayitsa kenako n'kuyesa kukonola. Zochita ziwirizo tikazitcha A ndi B, ndiye kuti AB ndi BA ndi zinthu ziwiri zosiyana. Richard Kadison mu 1951 anasonyeza kuti isometry yosunga kuphatikiza ndiponso yofika ponseponse pakati pa ma algebra otere imasunganso mbali ina ya kuchulukitsa: AB + BA, ukangochotsapo kuzunguza kumodzi. AB payekha siitsimikizika. Mutatenga matrix, lomwe ndi tebulo la manambala, n'kusandutsa mizere yopingasa kukhala yotsika, mitunda siisintha koma dongosolo la kuchulukitsa limabwerera chammbuyo.

Ndiye wina akandiuza kuti chinthu "chatsala pang'ono kutsata lamulo", ndimayamba ndafunsa kuti lamulo lake liti. Taonani ma matrix awiri amene AB ndi BA zikusiyana pang'ono chabe. Akakhala a mtundu wa self-adjoint, oimira zinthu zoyezeka mu sayansi ija, Huaxin Lin anatsimikiza m'zaka za m'ma 1990 kuti pafupi nawo pali ena awiri amene AB ndi BA zikufanana ndendende, kukula kwa tebulo kusali kanthu. Akakhala a mtundu wa unitary, ozunguza zinthu, Dan Voiculescu anali atapeza kale mu 1983 ma matrix amene AB ndi BA zimayandikirana matebulo akamakula, koma onse osinthanitsika bwinobwino amakhalabe nawo patali.