Galimoto ya Brawn ya 2009 sinabere

Mphekesera iyi imabwerabwera pa Facebook: akuti galimoto ya Brawn BGP 001, imene Jenson Button anatengera chikho cha Formula 1 (mipikisano ya magalimoto othamanga) mu 2009, inali yachinyengo. Ndi bodza, ndipo zimandiwawa kuona thukuta la mainjiniya likunyozedwa chonchi.

Mkangano unali pa double diffuser, chipangizo chapansi kumbuyo kwa galimoto. Mainjiniya a timu ya Brawn anasiya mabowo pansipo kuti mpweya uzidutsa njira ziwiri, galimoto n'kumamatira pamsewu ikamakhota. Matimu a Ferrari, Renault ndi Red Bull anadandaula za chipangizochi pa mpikisano wa ku Melbourne, ku Australia, koma oyang'anira mpikisano anakana dandaulolo. Mu Epulo, khoti la apilo la FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi, linagamula ku Paris kuti palibe lamulo lomwe linathyoledwa. Komanso Toyota ndi Williams anali nachonso chipangizochi, koma sanapambane mpikisano ngakhale umodzi chaka chimenecho.

Button anapambana mipikisano 6 mwa 7 yoyambirira. Matimu ena atatengera nzeru ya double diffuser ija, zinthu zinalimba: atapambana ku Turkey mu Juni, sanapambanenso chaka chimenecho. Chikhocho anachitsimikiza ku Brazil atamaliza pa nambala 5.