Mkangano wa mu free jazz: kulemba nyimbo kapena kuimba za m'mutu

Kuno ku Mangochi beni akafika pachimake, ng'oma zili pakati, fumbi lili koboo, wovina aliyense amaponda mwa iye yekha. Koma wezulo ukangolira, onse amatembenuka kamodzi. Wezulo umenewu ndi umene oimba free jazz (jazz yoimba za m'mutu, mosatsata kwambiri malamulo) a m'magulu akuluakulu akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 60.

Nkhani inayamba ku New York mu 1960. Woimba saxophone Ornette Coleman anasonkhanitsa oimba 8, anayi uku anayi uko, najambula chimbale cha Free Jazz, mphindi pafupifupi 37 osapumira. Gulu lina limamveka kusipika ya kumanzere, lina ya kumanja. Ambiri anati ndi phokoso chabe. Komatu mukatchera khutu mumva tizidutswa tokonzeratu, pamene malipenga onse amalira pamodzi kenaka n'kusiyira mmodzi bwalo. John Coltrane anachitanso chimodzimodzi mu 1965 pa chimbale cha Ascension, ndi oimba 11.

Vuto lake n'lodziwikiratu. Anthu atatu amamvana ndi khutu lokha. Akakhala 15 n'kuwatayirira, wa mapapo amphamvu amameza anzake, wa bezi osamvekanso. Ndiye ena anati tiyeni tizilembako. Anzawo anakana, amvekere mukalemba mwatibwezera m'goli lomwe tinkathawa lija.

Ine amene amandigwira mtima ndi Chris McGregor wa ku South Africa. Gulu lake la Blue Notes linali la akuda ndi mzungu mmodzi, iye mwiniyo, ndipo tsankho linawasamutsa kwawo mu 1964. Ku London anadzakhazikitsa gulu lalikulu la Brotherhood of Breath, momwe munali Dudu Pukwana ndi woimba ng'oma Louis Moholo. Iwowa sankachulutsa mapepala. Ankatenga kakorasi kakafupi konunkhira kwela, kwela yemwe uja tinamuzolowera kwa a Kachamba a ku Chileka, n'kumakabwereza mpaka kakhazikike. Kakatero, wina amachoka pamzere, wina amutsatira, nyimbo imwazika ngati usipa wodzidzimuka, kenaka kakorasi kaja kawaitananso kumudzi.

Butch Morris wa ku America anabwera ndi nzeru ina m'zaka za m'ma 1980, imene anaitcha conduction. Ankaima kutsogolo ndi kandodo. Akakweza dzanja mwakuti, ndiye kuti bwerezani zimene mwangoimbazo; akaloza mwakuti, sungani mawu amenewo tidzawabwerera. Zoimbazo zinkachokera m'mitu ya oimba, iye n'kumaziumba pomwepo anthu akuonerera. Ngakhale pamenepo ena anadandaulabe kuti kandodoko kakuwalamulira kwambiri.