Magazi akayamba kuyera, musamasule galu wanu

Tsiku lina m'mamawa mayi wina anafika kuchipatala chathu cha ziweto ali wefuwefu, atafungatira kagalu m'chitenje. "Adokotala, kagalu kanga akagenda, kapena kadya poizoni. Khonde lonse lili madonthomadontho a magazi." Kagaluko kanali ka miyezi 7, konenepa bwino, maso owala, kakugwedeza mchira kwa aliyense. Nditakaika patebulo n'kukweza mchira ndinapeza kumaliseche kutatupa, kukutuluka timagazi tochepa. Bala panalibe paliponse. Ndinati, "Mayi, khazikani mtima pansi. Galu wanu sakudwala ayi, wakula."

Anagwira pakamwa. Kwa iwo kanali kakadali kakhanda kotafuna nsapato za ana, ndipo eni agalu ambiri amadabwa chimodzimodzi. Galu wamkazi amalowa m'nyengo yake yoyamba yofuna wamphongo ali pakati pa miyezi 6 ndi 12. Timitundu ting'onoting'ono timafulumira, tina pa miyezi 5 yokha. Mitundu ikuluikulu imachedwa: German Shepherd, Rottweiler kapena Boerboel akhoza kufika chaka kapena kupitirira, ndipo zimphona ngati Great Dane zimatha kudikira mpaka miyezi 18 kapena 24. Galu wosadya mokwanira, wodzala njoka zam'mimba, nayenso amachedwa. Akangoyamba, nyengoyi imabwera pafupifupi miyezi 6 kapena 7 iliyonse, kupatula mitundu yochepa monga Basenji wa ku Congo amene amalowa kamodzi pachaka. Galu sasiya kulowa m'nyengo chifukwa cha ukalamba.

Chizindikiro choyamba si magazi, ndi kutupa. Masiku angapo dontho lisanaoneke, kumaliseche kumafufuma n'kulimba, moti mumakuona galu akungoyenda patsogolo panu. Amadzinyambita kumbuyo kosalekeza. Agalu ena ndi aukhondo kwambiri kotero kuti pansi simupezapo kanthu, makamaka ngati bwalo lanu ndi la dothi ndipo galuyo ndi wa ubweya wakuda. Zikatero yang'anani thumba kapena chiguduli chomwe amagonapo, kapena tengani kansalu koyera mupukute pang'ono pansi pa mchira m'mawa akangodzuka. Mudzaonanso kuti akukodza pafupipafupi, pang'onopang'ono, apa ndi apo. Mkodzo umenewo ndi uthenga, uli ndi fungo lomwe amphongo amalimva ali kutali. Khalidwe limasinthanso. Wina amakakamira pamiyendo yanu, wina amalusa, wina amangonunkhiza nsima n'kuisiya. Ndipo kawirikawiri amene amayamba kukuuzani ndi agalu a eni ake, mukadzuka n'kupeza atatu anayi atagona pageti, ena simunawaonepo n'kale lonse.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene anthu osamala bwino agalu awo amaphonya. Timakonda kunena kuti galu akusamba, ndiye maganizo athu amathamangira kumsambo wa munthu: magazi akatha, nkhani yatha. Kwa galu sizili choncho. Magazi ake amatuluka pamene chiberekero chikukonzekera, mazira asanakhwime. M'masiku oyambawa, omwe nthawi zambiri amakhala 9, amphongo amabwera koma iye amawakana. Wina akamununkhiza amakhala pansi, amapanikiza mchira pakati pa miyendo, amatulutsa mano. Mwini wake akaona zimenezi amati galu wanga ndi wodzisunga.

Kenaka zinthu zimatembenuka. Magazi ofiira aja amayamba kuyera, amaoneka ngati madzi otsukira nyama, pena otuwa ngati udzu wouma, ndipo amachepa kapena kusiyiratu. Kutupa kuja kumafewa. Galu yemwe dzana amaluma amphongo tsopano amaima nji, n'kupatutsira mchira kumbali. Mungayese nokha: mukandeni pamsana, pamwamba pa tsinde la mchira. Akaumitsa miyendo n'kukhotetsa mchira mbali imodzi, dziwani kuti wafika. Amenewa ndiwo masiku otenga bere, ndipo nawonso amakhala pafupifupi 9.

Bambo wina anandiuza modandaula kuti anatsekera galu wake m'sitolo masiku 10 athunthu, ana ake akumamutulutsa ndi chingwe kukachita chimbudzi. Ataona kuti simenti yayera, anamumasula kuti azilondera usiku. Patatha miyezi iwiri ndi masiku ochepa anapeza tiana 8 kuseri kwa bafa, kuchokera kwa galu wosakwana chaka. Bamboyo sanalekerere. Anagwira ntchito yonse, koma anatsegula chitseko pa tsiku lenileni lomwe chinayenera kukhomedwa kawiri.

Masiku 9 ndatchulawa ndi apakatikati chabe. Galu wina amavomera wamphongo pa tsiku lachinayi, wina mpaka la 17 akukanabe, ndipo wina magazi ake sayera n'komwe. Umuna wa galu umakhalanso ndi moyo m'chiberekero mpaka pafupifupi sabata. N'chifukwa chake ine sindiuza munthu kuti aziwerengera masiku abwino ndi oipa. Tsiku lomwe mwaona dontho loyamba lembani pakalendala kapena mufoni, ndipo kuyambira pamenepo galu asakumane ndi wamphongo kwa masiku osachepera 21. Pa nyengo yoyamba ndimati mukwanitse masabata 4, chifukwa dontho lomwe munaliona mwina silinali loyamba, komanso matupi a agalu aang'ono sanakhazikike. Ena amatupa, amatuluka magazi masiku ochepa, zonse n'kuzima, kenaka patatha masabata angapo nyengo yeniyeni n'kubwera. Enanso amadutsa nyengo yoyamba mwakachetechete, opanda kutupa kooneka kapena magazi, koma amphongo amadziwa ndipo bere limalowa.

Kumanga galu pa unyolo pansi pa mtengo wa mango si kumuteteza. Amphongo amamupeza pomwepo, ndipo iye alibe kothawira. Mpanda wa udzu kapena wa nsungwi amauboola, wa njerwa waufupi amaulumpha, pansi pa geti amakumba. Wamkaziyo, masiku ake akafika, nayenso amafunafuna potulukira. Pamafunika chipinda kapena khola lofolera, la pansi polimba ndi chitseko chokhoma, lopita mphepo, muli madzi akumwa. Kunja azituluka ndi chingwe, atagwira munthu wamkulu. Musaiwale amphongo a pakhomo pomwepo. Galu sadziwa chibale: mlongo wake wobadwa naye tsiku limodzi, ngakhale bambo wake, adzamukwera, ndipo kamphongo ka miyezi 6 kapena 7 kakhoza kupereka bere.

Gulu la amphongo lija limandidetsa nkhawa pa chifukwa chinanso. Amalumana usiku wonse, ndipo pakati pawo simudziwa amene anabayidwa katemera wa chiwewe. Mwana wopita kusukulu akadutsa pakati pa ndewu yotere amalumidwa. Bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe a bungwe losamalira ziweto la LSPCA amatemera agalu ndi kuwachita opaleshoni yoti asabereke, koma agalu osatemera akadalipo m'makwalala mwathu. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zikachitika kuti mwawapeza atagwirana, atafulatirana, chonde musawagende, musawathire madzi otentha, musawakoke. Chiwalo cha wamphongo chimatupa m'kati ndipo minofu ya wamkazi imachigwira. Amamasukana okha, nthawi zambiri pakati pa mphindi 5 ndi 30. Kuwalekanitsa mokakamiza kumang'amba onse awiri, ndipo sikuletsa bere. Gwirani wamkaziyo pakhosi mofatsa kuti asadzikoke, kaya ingochotsani ana ndi agalu ena pamalopo. Mawa lake pitani kwa dokotala wa ziweto mukakambirane chochita nthawi ikadalipo. Bere la galu limatha masiku pafupifupi 63, ndipo kwa galu wa miyezi 7 ndi katundu wolemera. Mafupa ake akukulabe, chakudya chomwe chikanamanga thupi lake chimapita kwa ana, ndipo ena pa msinkhu umenewu amasiya anawo osawayamwitsa. Amene akufuna kuti galu wake abereke adikire nyengo yachiwiri kapena yachitatu.

Si magazi onse otuluka kumbuyo amene ali a nyengo. Akapitirira masabata 4, kapena mukaona kanyama kofiira, kamabwinjabwinja, kosachedwa kutuluka magazi mukakakhudza, nthawi zambiri chimakhala chotupa chomwe timachitcha TVT. Ndi khansa yopatsirana pokwerana, yofala kwambiri pakati pa agalu oyendayenda kuno kwathu, ndipo imachira bwino ndi jakisoni wa vincristine wobaya mumtsempha sabata iliyonse kwa masabata angapo. Agalu ena aang'ono a mitundu ikuluikulu amatulutsa nyama yosalala, yapinki, panthawi ya nyengo yeniyeniyo. Musaikankhire m'kati, ingotetezani kuti isaume kapena kunyambitidwa, n'kupita naye kuchipatala. Choopsa koposa chimabwera nyengo itadutsa, patatha mwezi kapena iwiri: galu amafooka, amamwa madzi ambiri, amasanza, mimba imatupa, pena kumatuluka mafinya onunkha. Chiberekero chimakhala chadzala mafinya, ndipo amenewo ndi matenda a opaleshoni ya tsiku lomwelo. Amakonda agalu achikulire, koma achichepere sawasiya. Musasokoneze ndi bere labodza, lomwe limabweranso nthawi yomweyo: mawere amatupa, mkaka umatuluka, galu amatolera nsanza kapena nsapato n'kumazifungatira, koma amakhala wamphamvu. Limatha lokha m'masabata awiri kapena atatu, bola musamukame.

Pali chizolowezi china chomwe ndimachiletsa ndi mtima wanga wonse, chobaya galu jakisoni wolera wa amayi, uja wa miyezi itatu. Nyengo imaimadi, koma mankhwala amenewo amakhuthalitsa khoma la chiberekero cha galu n'kuitana mafinya ndafotokozawa, komanso zotupa za m'mawere. Ndatsegulapo mimba za agalu otere, chiberekero chomwe chimayenera kukhala chowonda ngati pensulo chitafufuma ngati mkono wa mwana.

Njira yodalirika kwa amene safuna tiana ndi opaleshoni yotseka, yochotsa chiberekero ndi mochokera mazira. Akuti galu ayambe wabereka kamodzi kuti akhale wanzeru kapena waukali. Zimenezo zilibe umboni, ndipo galu wotsekedwa amalondera ngati wina aliyense. Kutseka msanga kumachepetsa kwambiri khansa ya m'mawere, ngakhale kwa mitundu ikuluikulu timakonda kudikira mafupa akhwime. Ngati nyengo yayamba kale, sitithamangira mpeni, chifukwa mitsempha ya chiberekero imakhala yotupa ndipo magazi amataika ambiri. Timadikira miyezi iwiri kapena itatu nyengoyo itatha. Mayi a chitenje aja anasunga kagalu kawo m'khitchini masabata 4, ndipo tsiku la opaleshoni tinaliwerenga kuchokera pa deti lomwe analemba kuseri kwa khadi la katemera.