Ulendo wa tsiku limodzi pa njinga yamoto: nkhani yagona pa kutsika

Njinga zamoto zambiri zimene timakonza pagalaja ndi za kuntchito, za kumunda kapena za kabaza. Eni ake ochepa okha ndi amene amaganizako zodzuka Loweruka lina, kuthira mafuta, n'kupita kukangoona dziko, madzulo n'kubwerako. Chonsecho wokhala mu Blantyre ali pabwino. Chikwawa, Zomba ndi Mulanje konse ndi mtunda wosafika makilomita 100, ndipo njinga ya 125cc kapena 150cc yosamalidwa bwino imayenda makilomita oposa 30 pa lita imodzi.

Misewu itatu yonseyi imakongola chifukwa imakwera ndi kutsika mapiri. Ndiye wofuna kuidyerera ayambe wadziwa kutsika mtsetse wautali, luso limene anthu ambiri ophunzira njinga pabwalo la mpira sanaphunzitsidwepo.

Tiyambe ndi msewu wa M1 wopita ku Chikwawa, kudutsa cha ku Mpemba mpaka kukafika pa Thabwa. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe chigwa cha Shire kumunsiko chili pa mamita 100 kapena kucheperapo. Mtunda wonsewo msewu umautsika m'makona otsatizanatsatizana. Penapake phiri limatseguka, mumaona mtsinje wa Shire ukukhotakhota pansi penipeni, ndipo kukayera bwino maso amafika kutali kuminda ya nzimbe. Mpweya nawonso umasintha mukutsika: mumanyamuka mutavala jekete, pofika pa mlatho wa Kamuzu thukuta lili kamukamu. Mu Okutobala kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, choncho ulendowu ndi wa Meyi mpaka Ogasiti.

Tsono mabuleki. Buleki imaimitsa njinga posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mutauni mumaponda pang'ono n'kusiya, chitsulo chimapeza mpata wozizira. Pa mtsetse wautali, mukangoika phazi pabuleki yakumbuyo osalichotsa, kutenthako kumaunjikana. Njinga zathu zambiri kumbuyo zili ndi buleki ya dilamu, yotsekeka ngati mphika wovundikira, moti moto ulibe potulukira. Dilamu ikatentha imafufuma n'kutalikirana ndi mashu, tizitsulo timene timaikhuza mkati kuti tayala liime, mashuwonso amayamba kuterera. Mumangoona kuti mukuponda mpaka pansi koma njinga ikupitabe, fungo la chinthu chopserera lili guu. Buleki ya disiki yakutsogolo imapirira kwambiri, koma nayo ili ndi pofooka pake. Mafuta ake akakalamba amakhala atayamwa chinyezi, ndipo akatentha amawira. Chogwirira cha buleki chimangofewa n'kukafika pachiwongolero popanda kugwira kanthu. N'chifukwa chake timati mafuta a mabuleki azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ngakhale akuoneka abwinobwino.

Mankhwala ake ndi kuisiyira injini ntchito yambiri. Musanayambe kutsika, bwezani giya kufika pa yachitatu kapena yachiwiri, siyani moto, kilatchi osaigwira. Injini idzalira mokweza, ena amaopa kuti ikuwonongeka, koma ndi momwe imagwirira tayala lakumbuyo kuti lisathamange. Giya imene mungakwerere phirilo ndi yomweyo yotsikira. Mabuleki muziwagwira onse awiri, mwamphamvu koma kwa kanthawi, njinga idakali chilili musanalowe mukona, kenako n'kuwasiya apume. Ambiri amaiopa buleki yakutsogolo poganiza kuti iwagwetsa chamutu, pomwe ndi imene ili ndi mphamvu zambiri zoimitsira, makamaka potsika pamene kulemera konse kwatsamira kutsogolo. Imagwetsa munthu akaikoka modzidzimuka, kapena akaikoka njinga itapendekeka kale pamchenga.

Pali chizolowezi china chimene chimandinyansa, ndipo ndimachiona kawirikawiri kwa anyamata a kabaza: kuika pa fili (kuchotsa pa giya) kapena kuzimitsiratu injini potsika kuti asunge mafuta. Mafuta amene amapulumuka pamenepo ndi ochepa zedi, chifukwa injini imene mwaisiyira moto simwa kwenikweni. Koma katundu yense amakhala wasiyidwira mabuleki okha. Pa njinga zambiri zazing'ono nyali yakutsogolo imazimanso injini ikazima. Ndipo zikafika pothina, munthu akamenya giya njinga ili paliwiro, tayala lakumbuyo limatha kugwira n'kutsetsereka. Ngati mwanyamula mnzanu kumbuyo, dziwani kuti mabuleki akugwira ntchito yochulukirapo, ndiye tsikani ndi giya yotsikirapo.

Pobwerera vuto limakhala injini. Zambiri zimazizira ndi mphepo basi, ndipo pokwera mumayenda pang'onopang'ono injini ikugwira ntchito yakalavulagaga. Musaiumirize pa giya yapamwamba mpaka kuyamba kugogoda. Ndi bwino ilire momasuka pa giya yotsika. Musadabwenso ikamaoneka yaulesi pamene mukuyandikira pamwamba. Mpweya umapepuka munthu akamakwera, ndipo injini imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse pa mamita 300 aliwonse. Mumsewu umenewu mumadutsanso mathiraki olemera ochokera ku Nchalo, amene amakwera mokwawa. Musamamatire kumbuyo kwake, musawapitirire pakona pamene simukuona kutsogolo, ndipo mukaona mzere wakuda wonyezimira paphula, umenewo ndi dizilo kapena oyilo. Uzembeni.

Ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65 pa msewu wa M3, kudutsa pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Mseuwo wokha si wodabwitsa. Zokoma zimayamba mukapatuka mutauni yakaleyi, imene inali likulu la dziko mpaka 1975, n'kuyamba kukwera phiri la Zomba kulowera ku Ku Chawe. Nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, ndi mamita 2,087. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi malo oonera patali otchedwa Emperor's View pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inacheza kuno mu 1965. Mukaima pamenepo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Njira zopita kumalo amenewa n'zafumbi, ndipo mvula ikagwa dothi lake limaterera koopsa kwa matayala a mutauni. Msewu wokwera phirili ndi wopapatiza. Yembekezani kukumana ndi abambo akutsitsa njinga zakapalasa zosanjikiza nkhuni kupitirira mutu, amayi osenza mitolo, ndi anyamata othamangira kumsewu ndi timbale ta sitiroberi. Pakona iliyonse khalani kumanzere kwenikweni ndipo imbani hutala.

Ulendo wa ku Mulanje ndiwo wofatsa, woyenera amene wangotenga kumene laisensi. Pitani kudzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza pa M2, pakati pa minda ya tiyi, mukapume ku Likhubula m'munsi mwa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002, kenako mubwerere njira ya Midima kuti musaone zomwezomwezo kawiri. Chovuta kuno ndi chiperoni cha miyezi yozizira: kamvula kowaza ndi nkhungu, phula n'kunyowa, galasi la helimeti n'kuchita mbuu. Zala zikauma ndi chisanu sizigwira bwino buleki, choncho magolovesi musawasiye.

Usiku woti mawa ndi ulendo, pimani mpweya m'matayala adakali ozizira, onani oyilo, ndipo tcheni chikhale ndi mpata wa masentimita 2 kapena 3 mukachikankha ndi chala pakati. Laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a njinga zikhale m'thumba, pakuti malodibuloko m'misewu imeneyi sasowa. Thankiyo mudzaziretu mutauni, poti masiku ena mafuta amavuta.

Kulikonse kumene mwapita, pofika 3 koloko masana muzikhala mwayamba ulendo wobwerera. Mu Juni dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ndipo kukada misewu yathu imadzaza ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo, ziweto, ndi magalimoto oyaka nyali imodzi amene mungawayese njinga inzanu mpaka atakufikani pafupi.