Alonda a seva pa tsiku lokweza IBM i

Kampani ya kuno ku Chipata yosunga maakaunti pa makina a IBM i (achikulire amawatchulabe AS/400, dzina la mu 1988) ikamakweza dongosolo loyendetsa makinawo kuchoka pa mtundu wa 7.3 kupita pa 7.5, nkhawa imakhala pa jenereta ndi pa katswiri wochokera ku Lusaka. Ma exit program sawakumbukira n'komwe.

Awa ndi timapulogalamu togwira ntchito ya mlonda wa pageti. Munthu akafuna kulowa pa FTP (njira yotumizira mafayilo) kapena kukoka deta kudzera pa ODBC (njira yolumikizira ku nkhokwe ya deta), makina amayamba afunsa pulogalamu yolembetsedwa pakhomopo, monga pa QIBM_QTMF_SVR_LOGON kapena QIBM_QZDA_INIT, ndipo iyo imalola kapena kukana. Vuto lake, ambiri mwa mapulogalamuwa ndi ogulidwa kumakampani ena, olembedwera makina akale. Pulogalamu ikasemphana ndi dongosolo latsopano imatha kutsekera kunja aliyense, ngakhale inu mwini wake.

Ndiye musanayambe, funsani amene anakugulitsani ngati pulogalamu yawo imayenda pa 7.5. Sindikizani zonse zimene WRKREGINF (lamulo loonetsa mapulogalamu olembetsedwa pamakomo) ikuonetsa, papepala lenileni, poti makina akazima fayilo simuiwerenga. Onaninso DSPNETA, lamulo loonetsa zoikidwa za netiweki, chifukwa zoikidwa za DDMACC ndi PCSACC nazonso zimatha kuloza ku pulogalamu yoteteza. Ngati wina anaika pulogalamu yake mu QSYS, laibulale ya dongosolo lenilenilo, isamutseni, poti laibulale imeneyo imasinthidwa pokweza. Mukasunga zonse ndi nambala 21 pa menyu ya GO SAVE, chotsani ma exit program pamakomo ndi lamulo la RMVEXITPGM kapena pa menyu ya ogulitsa, makina atachotsedwa pa netiweki, inu mukugwira ntchito pa console (sikirini yoyendetsera makinawo mwachindunji).

Pamene ndimaopa kwambiri ndi pobwezera mapulogalamuwo mukatha kukweza. Khomo lopanda pulogalamu silidandaula. Limangolola aliyense amene ali ndi pasiwedi komanso chilolezo pa fayiloyo. Lolemba m'mawa akalaliki alowa, malipiro a alimi a thonje atuluka, bwana ayamikira kuti zonse zili bwino, koma geti lili pululu. N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi mawu akuti "zikuyenda". Bwezerani ndi lamulo la ADDEXITPGM, khomo limodzilimodzi, muzimitse n'kuyatsanso ntchito za QZDASOINIT, zimene zimalandira olowa pa ODBC, kuti zione kusinthako. Kenako tengani akaunti imene siyenera kulowa, muyese nayo FTP ndi ODBC. Ikakanidwa, n'kuoneka m'kaundula wa pulogalamuyo kuti yakanidwa, mukhoza kulumikiza nthambi za ku Katete ndi Lundazi.